Mafunso ndi mayankho: kopeza mabuku akale a History aulere ophunzitsira ana pakhomo

Chiyambireni kuphunzitsa ana anga pakhomo anthu akhala akundifunsa mafunso omweomwewa, ena pa WhatsApp ena tikakumana poweruka kutchalitchi, moti ndatopa nkubwereza ndiye ndangoti ndiwaike pamodzi. Ine si mphunzitsi wa History ayi, ndine kholo chabe lomwe linaona kuti buku limodzi lamshopu likulimbana ndi thumba la chimanga, nde ndinayamba kusakasaka zaulere ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

Zoona pali mabuku aulere kapena ndi zija zobera?

Alipo ndithu ndipo sikuba. Buku likalembedwa limakhala ndi mwini wake, koma umwiniwo sukhala mpaka kalekale, umatha. Kuno ku Malawi lamulo limati pakatha zaka 50 mlembi atamwalira, bukulo limasanduka la aliyense. Ku Britain ndi zaka 70. Ku America amawerengera mwina, mabuku akalewa amamasuka pakatha zaka 95 chisindikizireni. Ndiye tengani David Livingstone yemwe anafera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, kapena Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, yemwe anamwalira mu 1927, mabuku awo mutha kuwapanga download, kuwapulinta, kugawira anzanu popanda wokufunsani. Zobera ndi zija munthu wajambula buku latsopano la Form 2 tsamba ndi tsamba nkumaliyendetsa mmagulupu, zimenezo mlembi wake ali moyo ndipo nayenso akufuna kudya.

Ndiyambire pati?

Malo ndi atatu basi, ena onse mudzawapeza nokha mukazolowera.

Project Gutenberg ndiye gogo wa onse, anayambitsa ndi Michael Hart mu 1971 ndipo pano pali mabuku opitilira 70,000. Safuna akaunti, safuna password, mungolemba dzina la buku kapena la mlembi nkusankha mtundu wa fayilo. Ubwino wake mabukuwo anachita kuwataipanso ndiye zilembo zimaoneka bwino olo pa foni yaing'ono.

Internet Archive, ija amati archive.org, inayamba mu 1996 ndipo iyoyo imajambula buku lenileni momwe liliri, ndi mapu ake, zithunzi zake, pena mpaka chidindo cha laibulale yomwe linachokera. Mabuku onena za kwathu kuno ambiri ali kumeneko osati ku Gutenberg. Mukaona buku lalembedwa kuti Borrow dziwani kuti limenelo silinamasuke, amangobwereketsa kwa kanthawi ndipo ambiri otere anachotsedwa makampani osindikiza atawina mlandu ku America, musatayepo nthawi.

Kachitatu LibriVox, yomwe inayamba mu 2005, ndi anthu ongodzipereka amawerenga mabuku akalewa mokweza nkujambula mawu. Ena amawerenga bwino ena ngati akulengeza maliro, muyambe mwamvera kaye musanatsitse buku lonse.

Bundle yake sindingakwanitse

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ine ndemwe ndinapsapo. Tsiku loyamba ndinadina PDF ya buku lojambulidwa lamasamba mazanamazana, bundle ya sabata yonse inathera pompo buku lisanafike ndi theka lomwe. Ma PDF ojambulidwa ndi olemera, koma buku lomwelo mukalitenga ngati EPUB (fayilo ya buku yowerengera pa foni) yopanda zithunzi kapena plain text nthawi zambiri silifika ndi 1MB yomwe. Nde lamulo langa ndi ili, ngati mukufuna mawu okha tengani EPUB, PDF isiyireni mabuku omwe mukufuna mapu ndi zithunzi, ndipo imeneyo dikirani bundle yausiku kapena tsiku lomwe mwapezeka pa Wi-Fi. Mukatsitsa kamodzi basi mwathana nazo, sungani pa memory card, anzanu muwapatsire pa Bluetooth. Ife tilipo mabanja angapo timagawana chonchi, wina akatsitsa tonse tapeza.

Palinso app ina dzina lake Kiwix yomwe imasunga Wikipedia mufoni kuti muziwerenga opanda intaneti, koma imafuna malo ambiri.

Ana anga ndi aang'ono, wa Standard 3 ndi wa Standard 5. Buku liti?

Yambani ndi Fifty Famous Stories Retold la James Baldwin, la 1896. Tinkhani take ndi tatifupi, tsamba limodzi kapena awiri, Chingerezi chake chofewa. Mulimo mfumu Alfred yomwe inapsereza mikate ya mayi wina, William Tell woponya muvi pa chipatso chili pamutu pa mwana wake, kapolo wothawa uja anazula munga kuphazi la mkango. Koma muwauze anawo kuti zambiri mwa izi ndi nthano zovekedwa malaya a mbiri, zili ngati za kalulu zathu zija, kusiyana kwake nkwakuti izi zili ndi maina a mafumu.

Akakulako pali Famous Men of Greece, Famous Men of Rome ndi Famous Men of the Middle Ages a Haaren ndi Poland, a 1904. The Story of Mankind la Hendrik van Loon la 1921 ndi labwino kwa wa Standard 7 kupita mtsogolo, lili ndi tizithunzi tojambula yekha mlembiyo, koma dzina lakelo lisakunamizeni, akuti nkhani ya anthu onse koma za Africa, kupatula Egypt ndi Carthage, amangodutsa pamwamba. Our Island Story la H.E. Marshall la 1905 ndi mbiri ya England yokha, lokoma kuwerenga, koma ine ndinalisiya pakati chifukwa ndinadzifunsa kuti mwana wanga adziwe akazi 6 a Henry VIII asakudziwa Kalonga, mfumu ya Amaravi, zikhala bwanji zimenezo.

Nanga mabuku onena za kwathu kuno alipo?

Alipo ambiri kuposa momwe mukuganizira, kungoti sanalembere ana ndiye ntchito yosankha ndime ndi yanu kholo.

La Livingstone ndi mng'ono wake Charles, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries la 1865, ndi momwe muli ulendo wokwera Shire, kufika ku Chilwa mu April 1859 ndi kunyanja yaikulu mu September chaka chomwecho. Zomwe zinandisangalatsa ine si ulendowo koma zomwe anaona mmidzi ya Amang'anja, anthu akulima thonje, akuwomba nsalu, akusungunula chitsulo nkusula makasu. Mwana akamva zimenezo amadziwa kuti makolo ake sanali kungokhala kudikira mzungu. Henry Rowley analemba The Story of the Universities' Mission to Central Africa la 1866, za mishoni ya ku Magomero ya 1861 ndi imfa ya Bishop Mackenzie mu January 1862. E.D. Young analemba Nyassa mu 1877, nkhani ya sitima yoyamba ya Ilala yomwe mu 1875 anaimasula zidutswazidutswa anthu mazanamazana nkuisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire mpaka kukaimanganso kumtunda ulendo waku Cape Maclear. Imeneyi ana anga anaikonda kwambiri mpaka anapanga sewero, wamng'ono anasenza chivundikiro cha poto kuti ndi chitsulo cha sitima.

Palinso Africana la Duff Macdonald la 1882, mmishoni waku Blantyre yemwe analemba miyambo ya Ayao, The Shire Highlands la John Buchanan la 1885, British Central Africa la Johnston la 1897 lomwe lili ndi zithunzi ndi mapu ambiri, Among the Wild Ngoni la W.A. Elmslie la 1899, ndi The Natives of British Central Africa la Alice Werner la 1906. La mayi Werner ndi lomwe ndimatsegula kawirikawiri chifukwa iwo anakhala pansi ndi anthu, analemba za masewera a ana, zakudya, nyimbo, nthano, maliro, zinthu zomwe azibambo aja ankangodutsa poti maso awo anali pa nkhondo ndi misonkho.

Anzathu aku Tete ndi ku Chipata amene mumamva Chipwitikizi, sakani O Muata Cazembe la Gamitto la 1854. Anadutsa mdziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa 1831 mpaka 1832 wopita kwa Kazembe, zaka pafupifupi 30 Livingstone asanaone nyanja.

Ndalemba Malawi posaka koma palibe chakale chikutuluka

Sichingatuluke, dzikoli linayamba kutchedwa Malawi mu 1964. Sakani ndi maina omwe ankalemba nthawi imeneyo. Dziko lembani Nyasaland, dzina la kuyambira 1907, kapena British Central Africa lomwe linali lisanabwere limenelo. Nyanja lembani Nyassa ndi ma s awiri, Chilwa ndi Shirwa, Ayao ankawalemba Ajawa kapena Wayao, Amang'anja ndi Manganja opanda kachizindikiro, Angoni pena Mazitu. Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill, Nkhotakota ndi Kota Kota, Mulanje ndi Mlanje, Thyolo ndi Cholo, Chipata ndi Fort Jameson. Iyi yokha ndi phunziro la tsiku lathunthu, mpatseni mwana mapu akale ndi atsopano afananize yekha, kenako mumufunse kuti Johnston ndi ndani kuti tauni ya eni ake itchedwe dzina lake.

A Chichewa alipo?

Ochepa, ndisakunamizeni. Koma lilipo limodzi lomwe ndimauza aliyense, Some Folk-lore Stories and Songs in Chinyanja la R. Sutherland Rattray la 1907. Theka la bukulo ndi Chinyanja chenicheni cha nthawi imeneyo, nthano, miyambi, nyimbo, miyambo, theka linalo ndi kumasulira mChingerezi. Kalembedwe kake nkachilendo pang'ono, mupeza ch pomwe simukuyembekezera ndi h akusowa mmawu ambiri, koma mukawerenga mokweza zimamveka bwinobwino. Ndinawawerengera agogo awo a anawa ndipo anamaliza okha nthano ina ndisanafike kumapeto. Palinso dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, siyongomasulira mawu chabe imafotokozanso miyambo, mutha kungotsegula paliponse nkuwerenga.

Olembedwa ndi anthu akuda eni ake ndi omwe amasowa pa intaneti. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican ku Unangu, analemba mbiri ya Ayao mChiyao ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara inatuluka mzaka za mma 1940, imeneyo funsani mmalaibulale, mmashopu a mabuku a mipingo, kapena kwa aphunzitsi opuma ntchito, ambiri amasunga mabuku otere msutikesi pansi pa bedi.

Ndinatsegula limodzi ndinapeza mawu onyoza anthu akuda. Ndiwapatse ana zoterezi?

Funso lenileni ndi limeneli ndipo ndichedwapo pang'ono. Eee, mawu onyoza alimo, ena pa chikuto penipeni, mwaona kale dzina la buku la Elmslie lija akuwatcha Angoni anthu olusa, ndipo Donald Fraser buku lake la 1914 analitcha Winning a Primitive People. Johnston ndiye ali ndi masamba ena omwe ine munthu wamkulu ndinatseka foni kaye nkupita kukamwa madzi. Nde choyamba, musampatse mwana buku lomwe inu simunaliwerenge. Zaulere si ndiye kuti zongotola nkumeza. Werengani usiku, sankhani ndime, kwa ana ochepera zaka 10 mawu onyozawo muziwadumpha kapena mungofotokoza nkhaniyo ndi pakamwa panu.

Koma kwa okulirapo ine sindibisa. Ndimawauza kuti bukuli liri ngati mboni pabwalo la milandu kwa amfumu. Mboni imanena zomwe inaona, koma imanenanso mokomera mbali yake, ndipo palibe mfumu yanzeru yomwe imagamula itangomva munthu mmodzi. Tikamawerenga timafunsa kuti walemba ndani, anabwera kudzatani, amalembera ndani, ndipo ndani yemwe sakuyankhula mnkhanimu. Mmishoni amalembera anthu aku Scotland kuti apereke ndalama, ndiye mdima ayenera kuukuza kuti nyali yake ioneke. Bwanamkubwa amalembera boma lake kuti lione kuti kulanda dziko kunali koyenera. Mukawerenga za ulendo wa mzungu pa machila mufunseni mwana kuti anthu onyamula machilawo maina awo ali kuti, anadya chani, analipidwa bwanji. Wamkulu wanga atamva kuti Livingstone anatulukira nyanja anandifunsa kuti nanga asodzi omwe anawapeza pagombe aja anali asanaione? Tinaseka, kenako ndinamuuza kuti mawu oti nyasa mChiyao ndi nyanja basi, ndiye Lake Nyasa ndi kunena kuti nyanja nyanja.

Komanso tisakhale ngati tikukana zonse poti wanena ndi mlendo. Za ukapolo analemba zoona, magoli anali pakhosi pa anthu, Jumbe ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo panyanja, Mlozi ku Karonga anasautsa Angonde mpaka pomwe ananyongedwa mu 1895, ndipo ena ogulitsa anzawo anali akuda anzathu. Zimenezonso mwana azimve.

Ndingadziwe bwanji kuti zomwe zalembedwazo ndi zolondola?

Simungadziwe ndi buku limodzi. Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi Great Zimbabwe. Theodore Bent mu 1892 analemba The Ruined Cities of Mashonaland nkunena kuti makoma amiyala aja anamanga ndi anthu ochokera kunja, poti mmaganizo mwake munthu wakuda sakanatha. David Randall-MacIver anakafukula mu 1905 nkupeza kuti anamanga ndi anthu akomweko, ndipo Gertrude Caton-Thompson anatsimikizanso mu 1929. Buku la Bent ndi la MacIver onse ndi aulere, kwa mwana wa sekondale mpatseni ndime zochokera konsekonse aweruze yekha.

Pofuna kuyeza mabuku akalewa tsitsani General History of Africa ya UNESCO, mavoliyumu 8 oyambirira, yaulere pa webusaiti yawo ndipo olemba ambiri ndi akatswiri a mu Africa muno. Voliyumu 5 ili ndi mutu wonena za dera lathu lino nthawi ya Maravi, womwe analemba nawo Kings Phiri ndi Owen Kalinga, voliyumu 7 ndi ya nthawi ya atsamunda kuyambira 1880 mpaka 1935. Si ya ana, ndi yanu kholo, ndipo ndi yolemera ndiye ya pa Wi-Fi.

Mboni ina yomwe timaiiwala ili pakhonde. Buku likuuzani kuti Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835 tsiku la kadamsana, koma agogo akuuzani mfunda wanu, komwe munachokera, chifukwa chomwe mudzi wanu unasamukira pomwe uli. Atumeni ana akafunse ndipo ajambule mawu pa foni.

Chingerezi chake nchovuta, ana sakumva

Nchovutadi, ziganizo zake zazitali ngati msewu waku Karonga. Ine ndimawerenga ndime imodzi mokweza, kenako ndimaifotokoza mChichewa, kenako mwana andibwezere nkhaniyo ndi mawu ake, chilankhulo chilichonse chomwe wafuna. Mphindi 15 zakwana. Akalephera kubweza ndiye kuti ndimeyo inatalika kapena ine ndinathamanga, mawa tibwereza.

Za Chilembwe, chitaganya, Kamuzu ndi matipate zilimo?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe zaulere zimathera. Mabuku omasuka ambiri amalekezera cha mma 1920, ndiye kuukira kwa John Chilembwe kwa 23 January 1915 mukakupezamo ndi mmawu a boma lomwe ankalimbana nalo. Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, za pa 3 March 1959, ufulu wa pa 6 July 1964, riferendamu ya 14 June 1993, zonsezi muyenera buku logula kapena lobwereka. Independent African la Shepperson ndi Price la 1958, mabuku a D.D. Phiri, A History of Malawi la John McCracken la 2012, afunseni ku laibulale. Pa JSTOR, webusaiti yosunga zolemba za akatswiri, mukatsegula akaunti yaulere amalola kuwerenga nkhani zingapo pamwezi, ndipo Society of Malawi Journal ilipo kuyambira pomwe inkatchedwa Nyasaland Journal mu 1948.

Mwana angakhoze mayeso a MANEB ndi mabuku amenewa?

Ndi okhawa ayi. Mayeso amatsata silabasi, ndiye pezani silabasi ndi mabuku ovomerezeka a kalasi yakeyo komanso mapepala a mayeso akale. Mabuku akalewa ndi ndiwo, nsima yake ndi silabasi.

Ndilibe foni yabwino, ndikufuna buku logwira mmanja

National Library Service ili ndi nthambi mmizinda ndi mmaboma ena, kalembetseni. Ku Blantyre laibulale ya Society of Malawi ili pamwamba mnyumba ya Mandala, yomwe inamangidwa mu 1882, nyumbayo payokha ndi History. Ku Zomba kuli National Archives. Ndipo musanyoze anyamata oyala mabuku pansi mmbali mwa msewu ku Limbe kapena ku Lilongwe, pakati pa manovelo achikondi pamabisala zinthu, ingonenererani mtengo ngati pa kaunjika.

Ngati mungakwanitse ya transport, tsiku limodzi ku myuziyamu ya Chichiri, ku Mua, ku PIM, mishoni ya Chilembwe ku Chiradzulu, kapena pa zojambula za pamiyala za Chongoni ku Dedza zomwe UNESCO inazivomereza mu 2006 limakhala mmutu mwa mwana nthawi yaitali.

Tili ku Joni, ena ku UK, ana sadziwa zakumudzi. Tiyambe ndi chani?

Inu intaneti si vuto ndiye tsitsani ma PDF azithunzi aja, la Johnston ndi la Werner, muyambe ndi mapu ndi zithunzi osati mawu. La Rattray liwathandiza Chichewa. Amene muli ku Scotland pitani nawo ku Blantyre yakumeneko komwe anabadwira Livingstone mu 1813, kuli myuziyamu, akadziwe kuti dzina la mzinda wa agogo awo linachokera kuti. Mungokumbukira kuti ku Britain ndi zaka 70 osati 50, ndiye buku lomasuka ku Lilongwe pena limakhala lisanamasuke ku London.

Ndipulinte buku lonse?

Musayerekeze, ndalama yake iposa kugula latsopano. Pulintani mutu womwe mukuphunzira sabata imeneyo, masamba awiri pa pepala limodzi kutsogolo ndi kumbuyo, mumenye stepula, mukamaliza muike mufayilo. Mapu okha ndi omwe ndimapulinta pa A3 nkumata pakhoma, ndipo magetsi akazima foni itatha moto mapepala omwewo ndi omwe timawerenga pa kandulo.